Mphunzitsi wa Mpira Afuna Nthawi Monga Mlimi

Cimanga cikalowa m'nkhokwe, mabwalo a mpira m'midzi yambiri ya ku Cigawo ca Kum'mawa amadzukanso. Anyamata amasenga udzu, nazika mitengo yatsopano ya magolo m'malo mwa ija inadyedwa ndi ciswe m'dzinja, pamene tiana timathamangitsana ndi cimpombwa kumbali kwa bwalo. Pa bwalo lirilonse lotere sipalephera kupezeka munthu mmodzi woimirira pambali, wofuula malangizo mpaka mau kusasa. Kawirikawiri ndi mphunzitsi wa pa sukulu ya pulaimale, kapena bambo amene anabwerako ku migodi. Salandira malipiro. Koma timu ikagonja Lamlungu, iye ndiye woyamba kunenedwa pa mowa, ndipo lisanafike Loweruka anthu amakhala atayamba kale kufunafuna wina.

Khalidwe limeneli siliri m'midzi mokha. Timu ya dziko lino nayonso yakhala ikudwala matenda omwewa, ngakhale kuti mbiri yake yaonetsa poyera kuti zipatso zimabwera pamene mphunzitsi ndi osewera akhala pamodzi nthawi yaitali.

Bambo Ante Buselic, a ku Yugoslavia, anayamba kuphunzitsa timu ya Zambia mu 1971. Panapita zaka zitatu asanaonetse dziko cimene anali kuumba. Mu Malichi 1974, mu mzinda wa Cairo, Zambia inafika m'ndime yomaliza ya Cikho ca Afirika kwa nthawi yoyamba. Inalingana mphamvu ndi Zaire, zigoli ziwiri uku ziwiri uku, Brighton Sinyangwe atagoletsa ca kumapeto kwenikweni kwa nthawi yoonjezera. Masewerawo anabwerezedwa patapita masiku awiri, ndipo Zaire inapambana 2-0. Cikho sicinabwere, koma kuyambira caka cimeneco Afirika yonse inadziwa kuti ku Zambia kuli mpira. A Buselic anakhalabe pa nchitoyo mpaka 1976.

Ena angatsutse, nati: nanga bwanji za 1994? Ndi zoona kuti ndege itagwa m'nyanja pafupi ndi Libreville, ku Gabon, pa 27 Epulo 1993, nkupha anthu 30, kuphatikizapo osewera 18 ndi mphunzitsi wao Godfrey Chitalu, timu yatsopano inafika m'ndime yomaliza ku Tunisia caka cimodzi cokha citapita, ndipo inagonja kwa Nigeria 2-1. Koma anyamata amene Kalusha Bwalya anatsogolera pa bwalo caka cimeneco sanatoledwe m'njira. Anali atakulira m'matimu monga Nkana, Power Dynamos, Mufulira Wanderers ndi Nchanga Rangers, amene m'masiku amenewo anali kusamalidwa ndi makampani a migodi, ndipo anali kulera osewera kuyambira ali ana. Nkhokwe inali yodzala kale.

Nkhani ya 2012 iri cimodzimodzi. Anthu ambiri amakumbukira malaya oyera a Hervé Renard, ndi mmene ananyamulira Joseph Musonda, amene anavulala kuciyambi kwa masewera, kuti akakondwere pamodzi ndi anzake. Amakumbukiranso penate imene Didier Drogba anaponya kumwamba, ndi mapenate 8-7 amene anapatsa Zambia cikho pa 12 Febuluwale, mu mzinda womwe uja wa Libreville. Cimene ciiwalika ncakuti a Renard anali atayamba kugwira nchito ndi anyamatawo mu 2008, nafika nao m'ndime ya matimu asanu ndi atatu ku Angola mu 2010, asanacoke ndi kubwereranso kumapeto kwa 2011. Christopher Katongo, Kennedy Mweene ndi Rainford Kalaba anali atasewera pamodzi zaka zambiri. Stoppila Sunzu, amene anaponya penate yomaliza, ndi Emmanuel Mayuka, amene anagoletsa cigoli cogonjetsa Ghana, onse anacokera m'timu ya acinyamata imene George Lwandamina anapita nayo ku Canada mu 2007.

Tsono a Renard atacoka mu 2013, mpando wa mphunzitsi unasanduka wa minga. Pakati pa caka cimeneco ndi 2022 anakhalapo anthu osacepera asanu ndi anai, ena a dziko lino monga Honour Janza ndi Wedson Nyirenda, ena akunja monga Sven Vandenbroeck, Milutin Sredojević ndi Aljoša Asanović. Wina asanadziwe nkomwe maina a osewera ake onse, kalata yocotsedwa nchito inali itafika. M'zaka zimenezo Chipolopolo inalephera kupita ku Cikho ca Afirika katatu kotsatizana: ca 2017, ca 2019 ndi ca 2021. Avram Grant, amene analembedwa nchito mu Disembala 2022 nakhalapo mpaka 2025, ndiye anabwezera timuyo ku mpikisanowo, ngakhale kuti ku Ivory Coast, kuciyambi kwa 2024, inabwerera m'ndime yoyamba. Mlimi amene azula mbeu mlungu uliwonse kuti aone ngati yamera mizu asadabwe njala ikalowa m'nyumba.

Nanga zonsezi zikhudza bwanji mphunzitsi wa pa bwalo la fumbi ku Katete, ku Petauke kapena ku Lundazi? Zimkhudza cifukwa osewera amene anthu amamva pa wailesi amayambira m'manja mwa anthu onga iye. Fashion Sakala anakulira kumudzi m'dera la Chipata. Anapita ku Nchanga Rangers ndi ku Zanaco, ndipo mu 2017 anali m'timu ya Beston Chambeshi imene inatenga cikho ca Afirika ca osewera osapitirira zaka 20, itagonjetsa Senegal 2-0 pa bwalo la Heroes mu Lusaka. Mu 2021 anafika ku Rangers ya ku Scotland, kumene anagoletsa zigoli zitatu m'masewera amodzi polimbana ndi Motherwell. Caka comweco mnzake Patson Daka, wocokera ku Kafue Celtic, anagoletsera Leicester City zigoli zinai usiku umodzi mu mzinda wa Moscow.

Nchito ya mphunzitsi wa ana sikupambana Lamlungu likudzali ai. Nchito yake ndi kuonetsetsa kuti mwana aliyense akhudza mpira kambirimbiri. Pamene anyamata makumi atatu athamangitsa mpira umodzi pa bwalo lalikuru, wamphamvu ndi waliwiro ndiye amasewera, pamene wamng'ono angathe kupita kwao osaukhudza nkomwe. Aphunzitsi odziwa nchito amagawa bwalo m'tizigawo, naika anai mbali iyi anai mbali iyo, kuti aliyense aphunzire kulandira mpira, kutukula maso, ndi kupatsira mnzake msanga. Pamenepa cimpombwa cigwira nchito ndithu, ndipo zimpombwa zisanu ziposa mpira umodzi wacikopa wotsekeredwa m'ofesi ya ahedi. Mwendo wamanzere uyenera kuphunzitsidwa mwana akali wamng'ono, pakuti akakula umauma ngati mtengo. Kuthamangitsa ana kuzungulira bwalo kakhumi monga cilango kumangowatopetsa, ndipo ena amadana nao mpira cifukwa ca zimenezi.

Thupi nalonso lifuna ulemu. Osewera ayambe ndi kuthamanga pang'onopang'ono ndi kudziongola asanamenye mpira mwamphamvu. M'mwezi wa Okutobala, makamaka ku cigwa ca Luangwa, masewera acitike dzuwa litapendeka, ndipo cidebe ca madzi abwino akumwa cisasowe pambali pa bwalo. Mwambo wakale woletsa wosewera kumwa madzi poopa kuti alemera ulibe maziko. Ndalama zimene matimu ena amataya kwa asing'anga kuti akwirire zithumwa pa golo zikadagula mipira iwiri ndi pampu.

Pali cinanso coposa zonsezi. Enock Mwepu, mmodzi wa anyamata a 2017, anafika ku Brighton ya ku England mu 2021, ndipo anthu anali kumuona ngati mtsogoleri wa Chipolopolo wa zaka zambiri zamtsogolo. Mu Okutobala 2022, ali ndi zaka 24 zokha, madokotala anapeza kuti ali ndi nthenda ya mtima ya kumtundu, ndipo anasiya kusewera pomwepo kuti apulumutse moyo wake. Iye anali ndi mwai wopimidwa ndi akatswiri. Mwana wa kumudzi alibe makina otere; maso a mphunzitsi wake ndiwo makina. Mnyamata amene akomoka pothamanga, amene amva kupweteka m'cifuwa kapena kubanika koposa anzake, asachedwe waulesi kapena wolodzedwa. Apumule, ndipo makolo ake apite naye ku cipatala asanabwerere pa bwalo.

Atsikana nao asathamangitsidwe kuti akatunge madzi. Barbra Banda anagoletsa zigoli zitatu polimbana ndi Netherlands ndi zitatu zinanso polimbana ndi China pa masewera a Olympics ku Tokyo mu 2021, ndipo mu 2024 anasankhidwa kukhala wosewera wamkazi wopambana mu Afirika yonse. Caka comweco iye ndi Racheal Kundananji anagulidwa ndi matimu a ku America pa mitengo imene inali pakati pa yokwera kwambiri m'mbiri ya mpira wa akazi.

Pamene pamveka ndalama sipacedwa kufika afisi. Makolo acenjere ndi alendo olonjeza kutengera mwana ku Ulaya ngati banja ligulitsa ng'ombe kuti lilipire ulendo. Malamulo a bungwe la FIFA amaletsa kusamutsira wosewera ku timu ya dziko lina asanakwanitse zaka 18, kupatula pa zifukwa zowerengeka, ndipo timu yoona imene ifuna wosewera ndiyo imalipira, osati makolo. Malamulo omwewo amanenanso kuti wosewera akagulitsidwa kunja, magawo 5 pa 100 a mtengo wake amagawidwa kwa matimu amene anamlera kuyambira ali ndi zaka 12 mpaka 23. Koma ndalamayi imalondola zolembedwa. Timu imene sinalembetse ku bungwe la FAZ, kapena imene inasintha zaka za mwana kuti apambane cikho ca mbuzi, ilibe umboni wotengera gawo lake. Motero pambali pa mpira ndi cidebe ca madzi, mphunzitsi afunikanso kabuku kolembamo dzina la mwana aliyense, tsiku lake lenileni lobadwa, ndi tsiku limene anayamba kubwera pa bwalo.