Tyronn Lue: Woyendayenda Amene Anadzakhala Mphunzitsi

Pa masewero a basketball, wosewera woyendayenda ndi amene sakhazikika pa timu imodzi, chifukwa matimu amamutenga ngati wothandizira chabe ndipo sachedwa kumusinthanitsa ndi wina. Tyronn Lue, yemwe anabadwa mu 1977 m'tauni ya Mexico m'chigawo cha Missouri, anali wotero, pakuti kuyambira mu 1998 mpaka mu 2009 anasewera m'matimu asanu ndi awiri a NBA, ligi yaikulu ya ku America.

Ngakhale anatenga nawo chikho kawiri ku Los Angeles Lakers, ambiri amamukumbukira ndi zimene zinachitika mu ndime yomaliza ya mu 2001, pamene Allen Iverson wa timu imene ankalimbana nayo, atangogoletsa, anamulumpha iye ali chigwere pansi. Komabe udindo wake wa point guard, kutanthauza wosewera amene amagawa mpira ndi kuwongolera kaseweredwe ka anzake, unamuphunzitsa kuona bwalo lonse, ndipo kusinthasintha matimuko kunamudziwitsa nzeru za aphunzitsi osiyanasiyana, kuphatikizapo Phil Jackson ndi Doc Rivers, yemwe anadzamulemba ntchito ku Boston Celtics Lue atasiya kusewera.

Mu Januware 2016 analowa m'malo mwa David Blatt monga mphunzitsi wamkulu wa Cleveland Cavaliers. Mu ndime yomaliza ya chaka chimenecho, mmene chikho chimapita kwa woyamba kupambana masewero anayi, timu yake inatsalira 3-1 kwa Golden State Warriors, koma inapambana masewero atatu otsatizana n'kutenga chikho, chinthu chimene chinali chisanachitikepo mu ndime yomaliza ya NBA.