Mkamwa Mukauma, Tichukuche ndi Chiyani?

Ife amene tikuphunzira zauphunzitsi timalidziwa vutoli: tikayankhula m'kalasi mmawa wonse, lilime limayamba kukakamira. Ife timangomwa madzi, basi zatha. Koma alipo ena, makamaka makolo athu, amene mkamwa mwawo mumauma usana ndi usiku chifukwa cha matenda a shuga kapena mankhwala ena monga amitriptyline, Piriton ndi ena a kuthamanga kwa magazi.

Nkhaniyi si yaing'ono. Thupi limapanga malovu osachepera theka la lita patsiku, ndipo malovuwo amatsuka zotsalira za chakudya ndi kufooketsa asidi amene amadya mano. Akachepa, mano amabooka msanga, nsima imavuta kumeza, mkamwa mumayamba fungo. Nanga zochukuchira mkamwa zimasiyana bwanji?

Madzi wamba ndiwo oyamba. Saononga chilichonse, koma mpumulo wake ndi wa mphindi zochepa.

Madzi a soda ndi mchere amaposa pamenepo. M'kapu ya madzi ofunda timathiramo gawo limodzi mwa magawo 4 a kasupuni ka tiyi ka soda, yemwe uja wa mu therere, ndi kamchere pang'ono. Soda amafooketsa asidi ndi kusungunula malovu onanda. Tikachukucha tilavule, osameza.

Zogula m'sitolo zimafuna kuwerenga kaye. Botolo likalembedwa alcohol, monga Listerine wakale uja, tilisiye: limanyereketsa, ndipo mkamwa mouma kale mungaumirenso. Chlorhexidine ndi wa matenda a nkhama, osati wonyowetsa mkamwa. Tikamugwiritsa ntchito nthawi yaitali amadetsa mano ndi kusokoneza kukoma kwa chakudya. Zopangidwira vutoli, monga Biotène, zili ndi glycerin ndi xylitol. Zimamata mkamwa ngati malovu ndipo zimakhalitsa kuposa madzi, kungoti ndi zodula. Za fluoride zopanda alcohol sizinyowetsa kwenikweni, koma zimateteza mano.

Madzi a mandimu amabweretsadi malovu, komabe asidi wake amakokolola mano. Bwino kutafuna chingamu chopanda shuga.

Pa zonsezi palibe chochiza gwero la vuto. Mkamwa mukauma milungu ingapo, makamaka ngati pali ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi, tipite kuchipatala akatiyeze shuga. Ngati tikukayikira mankhwala amene tikumwa, tisawaleke patokha, tiuze adokotala. Tikapita kutchuthi, tiwafunse agogo chifukwa chake amagona ndi kapu ya madzi kumutu.