Kanjoka Kosaluma ndi Kandege Kothawa ndi Ndalama

Munthu woyenda pa msewu wa M5 kuchokera ku Golomoti kulowera ku Mtakataka, akapumira pamphambano yokhotera ku Mua dzuwa litapendeka, kawirikawiri amapeza anyamata ataunjikana pakhonde la sitolo, mitu itagundana ngati nkhuku zotola madeya m'lichero limodzi. Pakati pawo pamakhala lamya ya m'manja imodzi yokha. Woigwirayo sayankhula, anzake ndiwo amafuula, kumulangiza ndi kumuseka, ndipo akaphonya lamyayo imapita m'manja mwa wina. Chimene chawasonkhanitsa ndi kasewero kakang'ono koti mwana wa Sitandade 2 akhoza kukamva asanamalize kudya chigumu.

Gogo wa timasewero totere kuno kwathu ndi kanjoka. Mu 1997 Taneli Armanto, katswiri wa ku Finland, anaika sewero lotchedwa Snake m'lamya ya Nokia 6110, ndipo mu 2000 mng'ono wake, Snake II, anaikidwa m'lamya ya Nokia 3310, imene inagulidwa yoposa 120 miliyoni pa dziko lonse. Zimenezi zinachitika lamya za m'manja zitangoyamba kufala m'Malawi kudzera mwa TNM ndi Celtel, kotero kuti kwa anthu ambiri sewero loyamba la pagalasi limene anakhudzapo linali lomweli. Lamulo lake ndi limodzi: kanjoka kadye kadontho, koma kasadzilume kokha. Mabatani ake ndi anayi, 2, 4, 6 ndi 8. Silifuna intaneti ndipo silimaliza moto msanga, chinthu chofunika zedi m'dera limene, ngakhale lili ndi munda wa magetsi a dzuwa wa mamegawati 20 umene unatsegulidwa ku Golomoti mu 2022, makomo ambiri akumudzi amakatchajitsabe lamya kusitolo.

Nzeru ya kanjoka yagona apa: kakadya kamatalika, ndipo kakatalika malo okhotera amachepa. Palibe mdani wochokera kunja. Chimene chimapha wosewera ndi kupambana kwake komwe, mchira umene wadzikulitsira yekha. Akuluakulu anati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo pagalasi pamenepa mwambiwu umaoneka ndi maso. Wogonja sangaloze wina chala, pakuti waona yekha pamene chala chake chinachedwa. N'chifukwa chake mawu oyamba kutuluka pakamwa pake amakhala opempha kuti ayesenso kamodzi kokha. Kugwako sikumudyera kanthu koma mphindi imodzi ndi kuseka kwa anzake.

Zimenezi si zachilendo kwa mwana wokulira m'mphepete mwa mtsinje wa Nadzipokwe. Phada amaphunziridwa poonerera: ponya mwala m'mwamba, kokera timiyala kunja kwa dzenje, wakha mwala uja usanagwe. Palibe mtsikana amene anakhalitsidwapo pansi kuti aloweze malamulo a phada, koma kusiyana kwa woyamba kumene ndi katswiri kumaonekera patali. Nguli, fulaye ndi ntchuwa ndi chimodzimodzi: khomo lake n'lotsika, mwana amalowa osawerama, koma nyumbayo ilibe malire. Bawo ndiye wosiyana. Maenje ake 32 ndi mbewu zake 64 zili ndi malamulo a nyumba ndi kutakata amene amafuna masiku ambiri munthu ali chikhalire pambali pa madoda. Bawo amalemekezedwa, koma phada ndiye amaseweredwa ndi mudzi wonse.

Mu 1984, mumzinda wa Moscow, Alexey Pajitnov anapanga Tetris pa kompyuta yotchedwa Electronika 60. Tizidutswa ta maonekedwe 7, kalikonse kopangidwa ndi timabokosi tinayi, timagwa kuchokera pamwamba. Ntchito ya wosewera ndi kutiyala ngati mmisiri woyala njerwa, ndipo mzere ukadzaza umafufutika. Mulibe mawu oti munthu awerenge kapena amve. Mchewa, Mngoni ndi Myao amayambira pamodzi, ndipo mwana wa pa sukulu ya ana osamva ya ku Mua sasiyana konse ndi mnzake wakumva. Kuzama kwake nako n'kodabwitsa. Tetris ya pa makina a Nintendo imene inatuluka mu 1989 inakhala zaka 34 popanda munthu woifikitsa pothera, kufikira mu Disembala 2023 pamene mnyamata wa zaka 13 wa ku Oklahoma anasewera mpaka makinawo anaima okha, atasowa chowerengera.

Koma kuphweka pakokha sikokwanira. Masewero amene amakhalitsa m'mitima amakhala ndi kamisala kake. Mu 2014 kampani ya ku Sweden, Coffee Stain Studios, inatulutsa Goat Simulator, momwe wosewera amasanduka mbuzi yogunda chilichonse chili patsogolo pake. Zolakwika zambiri za m'sewerolo eni ake anazisiya dala poona kuti n'zimene zikuseketsa anthu. Mu 2019 anyamata anayi a ku Melbourne anatulutsa Untitled Goose Game, nkhani ya tsekwe wamwano wolanda makiyi ndi chipewa cha wolima dimba, ndipo chaka chisanathe makope oposa miliyoni imodzi anali atagulidwa. Aliyense amene anathamangitsapo mbuzi pa mphasa ya mphale angamvetse kukoma kwa kukhala mbuziyo tsiku limodzi popanda kulipira mlandu kwa anyakwawa.

Anthu a ku Mua sayenera kuuzidwa mphamvu ya nkhope yachilendo. Ku Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, nyumba yosungiramo zakale ya Chamare ili ndi nkhope za Gule Wamkulu mazanamazana, ndipo zina mwa izo, monga Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, zimayamba zaseketsa khamu kenaka n'kulisiyira mwambo. Gule si sewero ayi, ndipo kumuika pa mlingo umodzi ndi lamya kungakhale chipongwe. Chokhacho chofanana n'chakuti diso la munthu limathamangira chinthu chopotoka pang'ono kusiyana ndi chowongoka.

Aphunzitsi ali ndi chotolapo. Mapulogalamu a bungwe la onebillion, ophunzitsa kuwerenga ndi masamu m'Chichewa, anamangidwa pa maziko omwewa: ntchito yaing'ono, yankho la pompopompo, ndi mwayi wobwereza popanda chikwapu kapena manyazi. Mu 2023 Unduna wa Maphunziro unayamba ndondomeko ya BEFIT yofikitsa matabuleti otere kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4. Komatu mphunzitsi wopanda tabuleti sanamanidwe kanthu, pakuti choko ndi timiyala zikhoza kuchita zomwezo ngati mwana aloledwa kulakwa motchipa.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2013 Dong Nguyen wa ku Vietnam anatulutsa Flappy Bird, kambalame kouluka pakati pa mipope munthu akamagogoda galasi ndi chala chimodzi. Kanatchuka kwambiri moti manyuzipepala analemba kuti kankamupatsa madola 50,000 pa tsiku, koma mu Febuluwale 2014 mwini wakeyo anakachotsa pa msika, ponena kuti kasanduka chizolowezi chovuta kuleka. Ndi anthu owerengeka amene angatseke chitsime chotere ndi manja awo.

Ndipo pali sewero lina limene lavala chikopa cha timasewero tosalakwa tija. Dzina lake ndi Aviator, la kampani ya Spribe, lotuluka mu 2019, koma m'misika ya m'Malawi limadziwika kuti kandege. Kuliphunzira sikutenga ngakhale mphindi: munthu amaika ndalama, kandege kamanyamuka, nambala yochulukitsira imakwera, ndipo iye ayenera kutapa zake kandegeko kasanathawe. Maonekedwe ake ndi oseketsa, liwiro lake ndi la kanjoka, ndipo mtima wofuna kuyesanso kamodzi kokha ndi womwe uja. Kusiyana kuli pawiri. Choyamba, kugwa kuno kuli ndi mtengo, ndipo mtengowo nthawi zina umakhala ndalama ya mayeso kapena ya thumba la feteleza. Chachiwiri, mulibe luso. Wosewera kanjoka mwezi wathunthu amakhala katswiri; wosewera kandege chaka chathunthu amakhala pomwe anayambira, pakuti pothawira kandegeko pamasankhidwa ndi makina mwamaere, ndipo ulendo wapitawo suuza munthu kanthu za ulendo ukudzawo. Ogulitsa "njira zodziwira" pa WhatsApp akugulitsa mphepo. Lamulo la dziko lino limaletsa ana osakwana zaka 18 kutchova juga, koma lamya ya pakhonde la sitolo siona nkhope ya woigwira.

Eni ake a sewerolo amalengeza okha kuti pa ndalama zonse zoikidwa, 97 pa 100 iliyonse ndi zimene zimabwerera kwa osewera. Kwa mnyamata amene wangomaliza Fomu 4 nambala imeneyi imamveka ngati malikisi a mwana wanzeru. Mphunzitsi wa masamu wa ku Mtakataka akhoza kuilemba pa bolodi ngati funso: gulu la anyamata likhale ndi K10,000, ndipo ulendo uliwonse liziikanso zonse zimene zabwerako. Pa ulendo woyamba zoyembekezeka kutsala ndi K9,700. Pa ulendo wa 10 zatsika kufika pafupifupi K7,400, ndipo pa ulendo wa 23 sizikukwananso K5,000. Popeza ulendo umodzi wa kandege nthawi zambiri sutha ngakhale mphindi, maulendo 23 amenewo akhoza kutha nthawi yopuma ya pasukulu belu lisanalire.