Chiketulo cha agogo chawiranso

Chiketulo chamagetsi cha malita 20 chomwe agogo ankaphikira tiyi ku Chileka chinakathera pansi pa nkhokwe ya azakhali ku Lirangwe, nkhuku zikuikiramo mazira. Chinali chitagonekedwa cham'mbali, mimba yake itaphwanyika mbali imodzi, chivindikiro chikugwira ntchito yomwetsera anapiye. Mpopi wake unali utabiriwira n'kuuma gwa, osatembenuka ngakhale munthu aukakamize ndi manja awiri. Chingwe makoswe anachidya kalekale, chinangotsala kachidutswa. Mkati munali udzu, nthenga ndi zitosi, ndipo pansi pa zonsezo panali nkhoko yoyera, yokhuthala ngati ya mumphika wa nsima ya pamaliro. Anyamata ogula zitsulo zakutha anali atachiona kale, akungodikira tsiku loti azakhali avomere kuti achikweze pasikelo.

Chikhala kuti chinapita kusikeloko, bwenzi mbiri ya banja lathu itapita nacho. Agogo anali mmodzi wa amuna omwe ankapita kumigodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela yobwera ku Chileka inagwa itangonyamuka ku Francistown, m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 omwe ankabwerera kwawo. Kamuzu Banda anaimitsa ulendo wa kumigodi, ndipo agogo anabwera ndi anzawo ambirimbiri. Ena anagula njinga ndi wailesi, ena malata. Iwo anagula chiketulo ichi ku Limbe, chogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo anatsegula tiyirumu pafupi ndi msewu wopita kubwalo la ndege. Fizi ya amayi ndi azakhali inachokera pampopi umenewu. Pansi pake pali kachitsulo kokhomedwa, kosonyeza kuti chinapangidwa ku England, ndipo ngakhale chinali chitadetsedwa chotere, manambala ake ankawerengekabe: mavoti 230 mpaka 250, mawati 2,500.

Ine ndimakhala ku Madziabango, pamsewu wotsikira ku Chikwawa. Kuseri kwa nyumba ndinamanga chisakasa cha malata cha masewera: tebulo la pool, bawo ziwiri, dirafuti ya zitsekero za mabotolo, ndi wailesi yakanema yoonerapo mpira. Sindigulitsa mowa, ndipo sindifuna. Koma mu Juni ndi Julaye, chiperoni chikagwa, anthu ankabalalika dzuwa likangolowa, manja ali m'khwapa, masewera ali pakati. Chomwe chinkasowa chinali chakumwa chotentha, chokwanira anthu onse nthawi imodzi.

"Azakhali, chiketulo chija mundipatse ine," ndinatero nditafika ku Lirangwe.

"Chiti? Cha nkhukucho? Iwe, chimenecho chinafa agogo ako asanamwalire."

"Ndikachidzutsa, azakhali."

"Tenga, mwanawe. Koma ukachidzutsadi, kapu yoyamba ndi yanga. Ndipo nkhuku zangazi uziumbire pena poikira."

Ndinachikulunga m'thumba la feteleza, n'kukwera nacho minibasi kudutsa pa Lunzu mpaka m'tauni, kenako ya ku Chikwawa kudzera ku Mpemba. Kondakitala anachilipiritsa mpando wakewake, ndipo ndinalipira ndi mtima woyera.

Ntchito yoyamba inali yamanja, ndipo banja lonse linaikonda. Ana anakokolola zitosi, mayi awo anabwera ndi phulusa, sopo ndi sitiliwulu. Atangopala pang'ono pamimba pake, kuwala kunatuluka, mwana wamng'ono n'kukuwa kuti akudziona nkhope. Chitsulo chake n'chosachita dzimbiri. Zaka zonse zija za mvula, fumbi ndi nkhuku sizinachilowe, zinangochiphimba pamwamba. Tsiku limenelo tinaseka mpaka oyandikana nafe anabwera kudzafunsa chomwe chagwa.

Nkhoko ya mkati ndiyo inafuna nzeru osati mphamvu. Madzi ambiri a pamjigo ndi pachitsime amakhala ndi laimu wosungunuka. Akamawiritsidwa tsiku ndi tsiku, laimuyo amatsalira n'kumamatirira pachitsulo, makamaka pa elementi. Elementi ikakutidwa chotero, kutentha kwake kumalephera kutuluka bwino kupita m'madzi, ndiye imapsa yokha. Ambiri amathamangira kugogoda nkhokoyo ndi mpeni kapena chisulo, ndipo ndi mmene maketulo ambiri amaboolekera. Mankhwala ake ndi chinthu chowawasa. Tinathiramo viniga wosakaniza ndi madzi ofunda, tinafinyiramo mandimu a pakhomo, n'kusiya usiku wonse. Chithovu chinayamba kufufuma nthawi yomweyo, ana atazungulira, maso ali tong'o. M'mawa nkhoko ija inali itafewa, ikumatuka ndi chikhatho. Tinabwereza mpaka pansi ponse panaoneka mbee.

Mpopi tinaumasula n'kuuviika m'bwemba wosakaniza ndi mchere. Bwemba savuta kupeza kuno, amakwera naye anthu ochokera kuchigwa. Kubiriwira konse kunachoka, ndipo zinadziwika kuti mpopiwo ndi wa mkuwa wachikasu, wolemera m'dzanja. Lero munthu sangaupeze wotere m'sitolo za zipangizo. Nditautsuka n'kuupukuta, ndinakhala nawo m'manja nthawi yaitali, ndikuganiza kuti chala cha agogo chinautembenuza m'mawa uliwonse kwa zaka zambiri, mpaka chogwirira chake chinasalala mbali imodzi.

Zamagetsi sindinazikhudze ndekha, ndipo wina aliyense asayerekeze. Madzi, chitsulo ndi magetsi zikakumana molakwika zimapha. Ndinachinyamula kupita nacho mumsika wa Ndirande, komwe amisiri amadzutsa zinthu zomwe eni ake anazilira kale. Wosula zidebe anawongola mimba yophwanyika ija ndi nyundo yamtengo, akugogoda mkati pang'onopang'ono mpaka chinabwerera kuzungulira kwake. Nditamufunsa ngati pangafunike kumata penapake, anachidzaza madzi, n'kuchiyang'ana mozungulira.

"Achimwene, ichi sichikudontha paliponse. Ndipo chikadadontha, sindikadamata mkati ndi mtovu. Mtovu ndi wa zidebe zochapira, osati chomwera anthu."

Mmisiri wamagetsi anatsegula pansi ndi sikuludiraiva wamba, masikuluwu anayi basi. Anaika mita yake pa elementi yakale, singano osagwedezeka: inapsa. Anatulutsa yatsopano ya mawati 2,500, anaiyeza ine ndikuona, ndipo inawerenga ma ohm 21, monga iyenera kukhalira pa magetsi athu a mavoti 230. Anaika labala yatsopano pomwe elementi imalowera ndi ina pampopi. Kachipangizo kozimitsa magetsi madzi akawira anakayesa, n'kupeza kuti kakadali moyo, kanangofunika kupukuta. Kenako anaika chingwe chonenepa cha mawaya atatu ndi pulagi ya fyuzi ya ma amp 13, chifukwa chiketulochi chimakoka pafupifupi ma amp 11. Waya wobiriwira ndi chikasu anaumangirira pathupi lenileni la chiketulo, n'kundionetsa ndi chala.

"Bwana, waya uyu ndiye moyo wanu. Magetsi akathawira kuchitsulo, amatsikira pansi kudzera apa, osati kudzera mwa mwana wanu. Kunyumbako soketi yake ikhale ndi waya wa pansi weniweni, ndipo musachilumikize pa ekisitenshoni zotchipa zija. Komanso musadzachiyatse chopanda madzi."

Ndinamulipira ndi kuonjezerapo. Chomwe chinandikondweretsa koposa n'chakuti omwe anachipanga anachipanga kuti chizitsegulidwa. Chilichonse chomwe chingathe, kaya labala, kaya elementi, kaya chingwe, chimamasuka ndipo china chimalowa. Maketulo apulasitiki a masiku ano akapsa amangotayidwa kudzala. Ichi chadutsa m'manja mwa mibadwo itatu, ndipo chikhoza kufika wachinayi.

Alamu anga ndi akalipentala. Anachikhomera tebulo lakelake, lalitali kufika m'chiuno kuti ana asafikire mpopi, lokhala ndi mpanda wamatabwa kuti munthu wokondwera ndi chigoli asachigwetse. Ana analipaka utoto wofiira mbali imodzi ndi wabuluu mbali inayo, chifukwa pakhomo pano pali a Maule ndi a Manoma, ndipo palibe anafuna kugonja.

Tsiku lochiyatsa ndinakatenga azakhali ku Lirangwe. Tinathira malita 20, ine n'kukanikiza switchi, tonse chete. Poyamba panalibe kanthu. Kenako kanamveka kaphokoso kochokera pansi, kakukula pang'onopang'ono, mpaka chivindikiro chinayamba kunjenjemera ndipo nthunzi inatuluka. Mphindi 45 zinali zitakwana. Azakhali anaimirira, anatembenuza mpopi okha, madzi n'kutsika phwii m'thipoti, akufuka. Anaimba nthungululu mpaka agalu a m'mudzi anauwa.

"Iwe mwana iwe! Kulira kwake n'komwe kuja! Ukamva chonchi unkadziwa kuti bambo atsegula."

Anamwa kapu yoyamba monga tinapanganirana, yamkaka, shuga masupuni atatu, ndi sikono. Anapempha yachiwiri asanamalize yoyambayo.

Ndalama zake n'zosaopsa. Kuwiritsa malita 20 kumadya mayunitsi pafupifupi awiri, ndipo mumatuluka makapu oposa 60. M'chiketulomo timangowiritsa madzi okha. Masamba a Chombe amalowa m'thipoti, mkaka umawira padera pambaula, kuti mkati musamade ndiponso kuti wofuna wopanda mkaka kapena khofi asadandaule. Mbaulayo imatithandizanso tsiku lomwe magetsi kulibe, phunziro lomwe tonse tinalitenga namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022. Kumayiko ena, m'malo amasewera muli makina oti ukaponyamo kobiri amakutsanulira tiyi okha. Kwathu kuno pambali pa chiketulo pali chitini chobooledwa pamwamba, munthu amaponyamo yake n'kudzitsanulira, ndipo chitinicho sichinaperewerepo.

Ndikamayang'ana kapu imodzi ya tiyi ameneyu ndimanyadira. Masamba ake amachokera kuminda ya kwathu konkuno, m'dziko lomwe lakhala likulima tiyi wogulitsa kuyambira ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890. Shuga ndi wa ku Nchalo, yemwe malole ake timawamva akubuula pokwera phiri kudutsa pakhomo pathu pomwe. Mkaka ndimagula kwa alimi a cha ku Mpemba. Magetsi ndi a mtsinje wa Shire, ochokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Cha kutali ndi chiketulo chokha, ndipo nacho chakhala kuno nthawi yaitali kuposa ambiri mwa amene amamwamo.

Chisakasa chasintha. Kale chinali cha anyamata okhaokha. Tsopano madoda amabwera ndi zikhoto zawo kudzakhala pabawo, kapu ili pambali, akutakata mosafulumira ndi kunyozana mwaulemu pamene wina wadyedwa nkhomo. Amayi awiri oyandikana nafe amabweretsa mandasi ndi zitumbuwa madzulo, ndipo beseni silibwerera ndi kanthu. Tsiku lomwe Bullets ikumana ndi Wanderers timawiritsa kawiri. Ogonja amamwa kuti mtima utsike, opambana amagulira ogonjawo, ndipo aliyense amapita kwawo akuyenda mowongoka. Loweruka lililonse m'mawa mwana wanga wamkulu amachipukuta mpaka chimawala kuonekera kumsewu, ndipo kamodzi pamwezi timachiviika m'viniga kuti nkhoko ija isabwererenso.

M'midzi ya Chileka, Lirangwe ndi Madziabango muno muli zinthu zambiri zotere pansi pa nkhokwe ndi kuseri kwa makhitchini: mapulaimasi, makina osokera, nyale za galasi, masimbi a makala, zomwe makolo anagula ndi thukuta la kumigodi ndi kumaesiteti. Musazipereke kusikelo musanazionetse kwa mmisiri. Ndipo mukamadutsa pa Madziabango Loweruka madzulo, tsikani mufunse pachisakasa cha bawo. Madzi amakhala atawira pofika 5 koloko.