Khola la Nkhuku Lanyamula Wodwala (Gawo 4)

Mwabweranso? Ndinadziwa ine. Amene mwachedwa sunthirani kufupi, koma za m'mbuyo sindibwereza ayi, mufunse anzanu.

Sabata yatha tinasiya asilikali a Serbia, pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, zinthu zitafika pa mwana wakana phala. Kumpoto, Ajeremani ndi a Austria-Hungary anali atawoloka mtsinje wa Danube, ndipo Belgrade anagwa pa 9 Okutobala 1915. Asanapume n'komwe, a Bulgaria anawalowa cham'nthiti kuchokera kum'mawa, n'kudula njanji yopita ku Salonika, komwe thandizo linkayenera kudzera. Pa 5 Novembala mzinda wa Niš nawo unapita. Khomo lotsala linali limodzi lokha, la kumapiri a Albania ndi Montenegro, chisanu chitayamba kale kuluma. Ndi paulendo wothawa umenewu pamene ndege inanyamula odwala ndi ovulala.

"Taimani kaye, alembi. Ife tinamva kuti ovulala anayamba kuuluka kalekale, mu 1870, pa mabaluni a ku Paris."

Ndimadikira kuti wina afunse. Mphekesera imeneyo ili ndi miyendo, inalowa mpaka m'mabuku a madokotala: akuti ovulala 160 anatulutsidwa mumzinda wozingidwawo kudzera mumlengalenga. Mabaluniwo analipodi, oposa 60. Ananyamula makalata, nkhunda zobweza mauthenga, ndi nduna ya boma Léon Gambetta. Koma anthu ofufuza atasanthula mayina a okwera, wovulala sanam'pezemo ngakhale mmodzi. Nkhani yokoma, koma ndi bodza la nkunkhuniza. Tibwerere kumatope athu.

Matope ake si masewera. Misewu yolowera ku Kosovo inadzaza: mizinga ikukokedwa ndi ng'ombe zoonda, amayi atabereka ana, anyamata aang'ono amene boma silinafune kuwasiyira adani, akaidi a nkhondo, onse njira imodzi. Mfumu Petar ya Serbia, nkhalamba ya zaka 71, inayenda pa ngolo ya ng'ombe. Mkulu wa asilikali onse, Radomir Putnik, anali wodwala moti sankatha kuyenda, ndiye asilikali ankamunyamula pampando wotchingidwa, akusinthana mapewa. Ife a kuno tisadabwe. Nkhondo yomweyi itafika ku Karonga mu Seputembala 1914, ovulala ankayenda pa machila, pamapewa a agogo athu amtengatenga. Kutali ndi njanji, kaya ndi kuno kaya ndi ku Serbia, ambulansi yodalirika inali phewa la munthu kapena msana wa nyama.

Tsono pakati pa chipwirikiti chonsechi panali alendo athu aja, kagulu ka ndege za Afalansa kotchedwa MF 99 S, kamene kanabwera kudzathandiza Serbia kumayambiriro kwa chakacho, motsogozedwa ndi Kaputeni Vitrat. Ndege zawo mukuzikumbukira? Maurice Farman. Timitengo, nsalu yopakidwa vanishi, mawaya ambirimbiri, injini imodzi kumbuyo kwa okwera ikukankha m'malo mokoka. Mipando iwiri, denga palibe. Ikalimbikira kwenikweni inkathamanga makilomita pafupifupi 100 pa ola, liwiro limene minibasi za masiku ano zimapyola dalaivala akuwerenga ndalama. Eni ake ankazitchula kuti khola la nkhuku.

Khola la nkhuku, inde. Sindinapeke ine.

Kagulu kameneka nako kanali ndi odwala ndi ovulala ake. Kuwasiya, agwidwa. Kuwaika pa ngolo, afera m'njira. Apa m'pamene ndikukukumbutsani za mayi wathu wa m'gawo lachiwiri, Marie Marvingt, amene kuyambira 1910 ankagogoda m'maofesi kuti ndege ikhoza kunyamula wovulala. Mu 1912 anaitanitsa ndege yotero ku kampani ya Deperdussin, koma mwini kampaniyo anamangidwa pa mlandu wa chinyengo ndege isanatuluke. Nkhondo inayamba ndege ya ambulansi kulibe, ndipo akuluakulu a asilikali sinkawasowetsa tulo. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Mwambiwu ndauika dala. Muona chifukwa chake.

Pakati pa oyendetsa ndege a kaguluka panali munthu wina wachilendo pakati pa alendo, Milan Rastislav Štefánik. Dzinalo musalimbane nalo, lilime lingapindike, ife tizingoti Milan. Anali Msilovaki, mwana wa m'busa, wobadwa mu 1880 m'mudzi wa Košariská. Ntchito yake yeniyeni inali ya nyenyezi. Anagwirapo ntchito pamalo oonera zakuthambo ku Meudon kufupi ndi Paris, anakwera phiri la Mont Blanc kangapo kukayang'ana kumwamba, ndipo mu 1910 anapita mpaka ku Tahiti kukadikirira nyenyezi ya mchira ya Halley. Mu 1912 anakhala nzika ya France. Nkhondo itabuka, munthu woyang'ana kumwamba uja anaganiza zopitako yekha.

"Ndiye anamuwombera?"

Ayi.

"Bomba?"

Ayinso. Munthu amene mabuku ambiri amamuika pakati pa oyamba kupulumutsidwa pa ndege m'nkhondo sanagwetsedwe ndi chipolopolo. Anagwetsedwa ndi m'mimba. Matenda ake akalekale a m'mimba anamubwerera mwaukali pakati pa ulendo wothawawo, mpaka kufooka osatha kudzithandiza. Ndipo iye kugwidwa kunali koopsa kuposa anzake onse. Mudzi wake unali m'dziko la Austria-Hungary, lomwelo limene ankamenyana nalo atavala yunifolomu ya Afalansa. Mfalansa akagwidwa ndi mkaidi wa nkhondo. Milan akanagwidwa, eni dziko akanamuona ngati mwana wopandukira kwawo.

Anzake anayang'ana wodwala, anayang'ana khola la nkhuku. Mpando wachiwiri uja, wa munthu wozonda adani, sunalembedwe kuti wokhalapo akhale wamphamvu. Machira munalibe, bedi munalibe, namwino analibe pokhala. Wodwala ankangomukweza, n'kumukhazika tsonga ngati wokwera wina aliyense, mphepo yozizira ikumuomba kumaso. Umu ndi mmene anthu pafupifupi khumi ndi awiri anasamutsidwira mu Novembala ameneyo, mmodzimmodzi. Kaputeni Dangelzer, mmodzi mwa amene anagwira ntchitoyi, anafikitsa Milan ku Prizren.

Musaombe m'manja msanga. Prizren sikunali kopumulira. Kunali pakhomo penipeni pa mapiri, ndipo a Bulgaria anali m'njira. Wodwala wathu ankafunika chipatala cha madokotala a opaleshoni, chomwe chinali kutsidya kwa nyanja ya Adriatic, ku Italy. Kuti akwere sitima anayenera kufika kaye padoko la Valona, limene lero amati Vlorë, lomwe linali m'manja mwa asilikali a Italy. Kuchokera ku Prizren ndi makilomita oposa 200 ukadutsa mowongoka ngati khwangwala. Pansi pake pali mapiri ena otalika kupitirira mamita 2,000, zigwembe zakuya, ndi malo oti ndege n'kutera osowa ngati mano a nkhuku.

Ndani angayese?

Apa ndikufuna ng'oma ilire pang'ono, chifukwa amene akulowa m'bwalo si mlendo kwa inu owerenga akale. Louis Paulhan! Yemwe uja wa m'gawo loyamba, amene mu Epulo 1910 anauluka kuchoka ku London kukafika ku Manchester, atatera kamodzi kokha ku Lichfield, n'kutenga mapaundi 10,000 a nyuzipepala ya Daily Mail, Mngelezi Claude Grahame-White atayesa kum'pitirira mpaka kunyamuka usiku. Yemwe uja amene ku Los Angeles chaka chomwecho anakweza mpondamatiki wa manyuzipepala William Randolph Hearst kuti alaweko mphepo ya kumwamba. Nthawi imeneyo kunali makamu a anthu, zipewa zikuponyedwa m'mwamba. Pano kuli matope, othawa nkhondo, ndi wokwera mmodzi amene sangathe ngakhale kukwera yekha.

Ine ndikaganiza za Paulhan tsiku limenelo, mtima wanga umakhala pa chinthu chimodzi. Woyendetsa ndege akakhala ndi mnzake wamphamvu, zikavuta amatera paliponse, awiriwo n'kuyamba wapansi. Ndi wodwala uyu, kutera pakati pa mapiri n'chimodzimodzi kugwa. Parachuti panthawiyo oyendetsa ndege sankanyamula. Injini ndi imodzi, ndipo ikatsokomola palibe inzake yoti iyankhe.

Anamukweza. Makaniko anapukusa chopalasira mphepo ndi manja, injini inalira. Khola la nkhuku linathamanga pabwalo likudzandira, mawaya akunjenjemera, kenako matayala anasiya nthaka. Otsala pansi anaona kanthu kakucheperachepera kulowera kum'mwera chakumadzulo, mpaka mapiri a Albania anakameza.

"Ndiye anafika?"

Taonani, pepala landithera.

"Alembi, musatero! Anatsitsa munthu kapena maliro?"

Inu amene mwatulutsa kale foni kuti mufufuze pa intaneti, ndakuonani, ndipo musaulule. Enanu tikumane pompano sabata ya mawa. Mubwere ndi juzi, kumwambako kukuzizira.