Konzani chitsulo musanapake penti pa galimoto kapena ngolo yanu

Galimoto kapena ngolo ya mlimi imachita dzimbiri msanga chifukwa cha katundu amene imanyamula. Feteleza amakoka chinyezi, ndipo akatayikira m'bodi amadya chitsulo. Manyowa aawisi nawonso n'chimodzimodzi. Ambiri mukagulitsa zokolola mumathamangira kwa wopenta, koma penti yopaka pamwamba pa dzimbiri imatupa n'kuyamba kusendeka, ndalama zanu n'kupita pachabe.

Ntchitoyi igwireni m'chilimwe, pamthunzi popanda fumbi. Tsukani bodi yonse ndi sopo waufa, kunsi komwe, ndipo muisiye iume. Pamene pali girisi kapena oyilo pukutani ndi kansalu koviika mu thina. Musayambe kupala mafuta akadalipo, chifukwa sandipepa amawamwaza paliponse ndipo penti sigwira. Malo obooka awotcheredwe panopa.

Dzimbiri palani ndi bulashi ya waya, kenako sandipepa wa nambala 80 mpaka chitsulo chiwale. Nambala ikachepa ndiye kuti sandipepayo ndi wokhakhala. Penti yakale imene yagwira bwino musaichotse, ingoikwechani ndi 180, makamaka m'malire mwa pamene mwapala, mpaka dzanja lisamve potundumuka. Pamene panapindikira, ongolani ndi hamala, kenako matani filler pang'ono chabe. Wambiri amang'aluka ndi mabampu. Pa ngolo sindiona chifukwa chogulira filler, ng'ombe sizisamala za maonekedwe.

Primer ndi penti yoyamba, yogwira chitsulo kuti yomaliza ipeze pomatirira. Pakani tsiku lomwelo limene mwapala. Chitsulo chopalidwa chikagona panja, mame amabweretsanso dzimbiri pofika m'mawa. Pa ngolo, red oxide wopaka ndi bulashi kawiri mopyapyala ndi wokwanira, ndipo kachiwiriko mupake woyambayo atauma monga zalembedwera pachitini. Pa galimoto funsani kaye wopenta wanu musanagule, chifukwa penti zina za galimoto zili ndi thina wamphamvu amene amakwinyitsa red oxide, ndiye mungapalenso zonse. Primer akauma, salazani ndi sandipepa wa 320 kapena 400, pukutani fumbi, ndipo galimotoyo isakhalitse kapena kuvumbwa isanapentedwe.

Popala ndi popaka valani chotchinga mphuno ndi pakamwa, ndipo ana asayandikire, chifukwa penti zina zakale zili ndi mtovu. Thina amayaka msanga, musamuike pafupi ndi mbaula.