Katemera Wosiya Umboni M'magazi

Pa mafunso amene ife madokotala a ziweto timafunsidwa, limene limandisowetsa mtendere ndi ili: bwanji maiko okhala ndi katemera m'manja amasankha kupha nkhumba zawo m'malo mozibaya? M'chaka cha 1997, chigodola cha nkhumba chimene chinkasautsa Ulaya chitabuka ku Netherlands, mafamu opezeka ndi nthendayo anali 429, koma nkhumba zophedwa zinapitirira 10 miliyoni, ndipo zochuluka mwa izo zinali zangwiro, zopanda chirema.

Katemera wamphamvu analipo ndithu, amene anakonzedwa ku China pofooketsa kachirombo m'matupi a akalulu. Koma nkhumba yobayidwa katemerayo ndi ina yogwidwa ndi nthenda zimapanga asilikali a m'magazi ofanana, kotero kuti woyeza sangalumbire kuti iyi ndi yotetezedwa, iyo ikubisa imfa. Ndipo popeza chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, palibe dziko lofuna kugula nyama yokayikitsa.

Nzeru yathu tsono yagona pa kusiyako mwadala kachigawo kena. Pa chikopa cha kachiromboka pali zigawo zingapo, ndipo ziwiri mwa izo ndi E2 ndi Erns. Tikabaya nkhumba ndi E2 yekha, thupi limaphunzira kudziteteza, koma Erns silimudziwa. Tikadontheza madzi a magazi ake m'kambale ka timaenje 96, ndi kuyang'ana kusintha kwa mtundu, asilikali olimbana ndi Erns akapezekamo ndiye kuti nkhumbayo inakumana ndi nthenda yeniyeni. Katemera wotereyu amachedwa kugwira ntchito, ndipo amafuna kubaya kawiri. N'chifukwa chake akatswiri a pa chilumba cha Riems ku Germany anatenga kachirombo ka ng'ombe, kachibale ka kachirombo ka chigodola, nakaveka E2 wa chigodola, ndipo katemerayo analoledwa ku Ulaya mu 2015.

Chigodola chimene chimapulula makola ku Mchinji ndi china, cha ku Africa kuno, chosungidwa ndi njiri ndi nkhufi. Kachirombo kake ndi kakakulu, ka zigawo zopitirira 150, ndipo katemera wa Riems sakakhudza konse. Vietnam inaloleza katemera wake mu 2022, koma ine ndikuumirira kuti wobwera kwathu adzakhale ndi chizindikiro chodalirika, pakuti mayi woweta nkhumba zitatu sayenera kuziona zikuphedwa chifukwa woyeza walephera kusiyanitsa.